Kumanga sasipenshoni yakutsogolo ya galimoto yoyenda m'misewu ya kuphiri

Amene munayendapo pa galimoto m'misewu ya m'minda ya tiyi kuno ku Mulanje mwezi wa Febuluwale mukudziwa zimene dothi la katondo limachita likanyowa. Limaterera ngati therere, ndipo pamene padutsa thirakitala pamatsala ngalande ziwiri ndi mtumbira pakati. Galimoto yotsika imangokhala pamimba, matayala n'kumazungulira m'malere. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, misewu ina yolowera m'midzi ya m'tsinde mwa phiri inasanduka miyala yokhayokha. N'chifukwa chake anyamata ambiri akutenga chasisi ya pikapu yakale n'kuimangira kutsogolo kwatsopano, kuti izitha kukatenga nanazi, nthochi ndi nandolo kumene lole sifika. Ntchito imeneyi ndimaikonda, koma ndimaiopanso, chifukwa kutsogolo kwa galimoto n'kumene kuli chiwongolero ndi mabuleki amphamvu. Chikathothoka chitsulo chimodzi mukutsetsereka ku Thyolo, palibe wokupatsani mwayi wachiwiri.

Ndifotokoza njira imene ndimatsata ine: ekiselo yathunthu ya Hilux yakale ya 4x4, yokhala pa masipuling'i a masamba. Ena andifunsa kuti bwanji osaika masipuling'i opota ngati a Defender kapena Land Cruiser 80. Amenewo amayenda mofewa, ndikuvomera, koma amangonyamula kulemera basi. Kuti ekiselo isathawire kumbuyo kapena kumbali pamafunikanso mikono iwiri ndi panhard rod (chitsulo chopingasa cholumikiza ekiselo ndi chasisi), ndipo chilichonse mwa izi chili ndi ngodya yake yoti muipeze. Sipuling'i ya masamba imagwira ntchito zitatu zonsezi yokha. Toyota yeniyeniyo inasunga masamba kutsogolo kwa Land Cruiser 70 mpaka 1999. Ndipo tsamba likathyoka muli ku Thekerani, mumanga ndi mtengo ndi chingwe cha tayala n'kufika kunyumba pang'onopang'ono.

Musanadule kanthu

Ngati galimoto imene mukuchotsako ekiselo idakali yathunthu, tengani tepi ndi kope, mukhale nayo m'mawa wonse. Lembani mtunda wa pakati pa masipuling'i awiri, mtunda wochoka pa bowo la hang'ala yakutsogolo (chitsulo cha pa chasisi chomangirapo nsonga imodzi ya sipuling'i) kufika pa bowo la shakolo (kachitsulo kogwedezeka kogwira nsonga inayo), ndi pamene bokosi la chiwongolero lakhala poyerekeza ndi ekiselo. Jambulaninso ndi foni mbali zonse. Anthu amene anaipanga ku Japan anawerengera kale zinthu zimenezi, ndiye n'kutaya nzeru kuzidula n'kuyamba kulota zanu. Gulani ekiselo, masipuling'i, bokosi la chiwongolero ndi mikono yake zonse za galimoto imodzi. Onaninso kuti difu, chigoba cha magiya cha pa ekiselo pamene shafti imalowera, ili mbali iti. Ya Hilux ndi Land Cruiser imakhala kumanja, ndiye transfer case yanunso (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) iyenera kutulutsa shafti yakutsogolo kumanja komweko. Ndaonapo munthu atabwera ndi ekiselo kuchokera ku Limbe, ndalama ya thiransipoti atalipira, difu ili mbali ina shafti ili mbali ina.

Zitsulo zofunika si zambiri. Puleti ya mamilimita 6 ya mahang'ala ndi nsanja za mashoko, puleti ya mamilimita 4 yolimbitsira chasisi, paipi ya ngodya zinayi ya 50 kwa 50 yokhuthala mamilimita 5 yopingasa kutsogolo, ndi paipi yozungulira yokhuthala yolowamo mabushi a shakolo. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Bawuti yopanda nambala ndi ya pageti ya mpanda, isayandikire galimoto. Ma U-bolt, mabawuti opindika ngati U omangira sipuling'i pa ekiselo, gulani atsopano, chifukwa akale anatamuka kale pamene ankamangidwa koyamba.

Za marodi owotcherera ndiimepo pang'ono. Ambiri tinazolowera 6013 chifukwa imayaka msanga ndipo mzere wake umaoneka bwino. Pa mawindo ndi zitseko ilibe vuto. Koma pa hang'ala ya sipuling'i ndi chikomekome cha mkuyu: pamwamba posalala, mkati chitsulo sichinalowane. Gwiritsani ntchito 7018 ya mamilimita 3.2, pa makina a inverter, moto wa pakati pa ma amp 110 ndi 140. Makina opota pamanja aja sakhalitsa moto wa rodi imeneyi. Vuto la 7018 ndi lakuti imamwa chinyezi, ndipo kwathu kuno chiperoni chikagwa mu Juni ngakhale malaya opachika m'nyumba amazizira ngati anyowa. Rodi yonyowa imasiya timabowo m'kati mwa chowotchereracho, pambuyo pake pamang'aluka. Gulani paketi yaing'ono yosatsegula, muitsegule tsiku lowotcherera lenilenilo, zotsala muzisunge m'chitini chotseka pamalo otentha.

Kuika chasisi pamalo ake

Pezani pansi pa simenti. Pabwalo la dothi simungayezepo kanthu. Chotsani batire, chotsani thanki ya mafuta ndi mapaipi ake onse a mbali imene muziwotcherera. Kwezani chasisi muikhazike pa masitandi achitsulo kapena zigobo zazikulu za bulugama zodulidwa mofanana. Njerwa ayi, ndipo jeke yokha ayi. Njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Tsopano linganizani chasisi ndi levulo, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, itakhala pamsinkhu umene mukufuna kuti galimoto izidzayendera. Ngati mulibe levulo yaitali, paipi yoonekera mkati yothira madzi, imene amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito, imachita bwino kwambiri. Pa nkhani ya msinkhu, walira mvula walira matope. Mukaikweza kwambiri kuti izioneka yoopsa, idzapendama pa makona a ku Thyolo, shafti idzapindika kwambiri, ndipo chiwongolero chidzavuta. Chimene chimakweza difu kuti isakhule mtumbira ndi kukula kwa tayala, osati kutalika kwa masipuling'i. Kwezani pongokwanira kuti tayala lisakhudze bodi.

Mangani kanati ku ulusi kuti kakhale cholendewera chanu. Pezani pakati penipeni pa chasisi kutsogolo ndi kumbuyo, tsitsani ulusiwo, muike madontho pansi, kenako lembani mzere wa choko wolumikiza madonthowo. Tsitsaninso madontho kuchokera ku nsonga ziwiri za ekiselo yakumbuyo. Kuyambira apa muyeso uliwonse uzichokera pa mizere imeneyi. Musayeze kuchokera ku bampala kapena madigadi, zimenezo zinagundidwapo kambirimbiri. Ngati chasisi ili ndi dzimbiri lofumbutuka kapena inapindika, ntchito iime kaye mpaka mutakonza pamenepo.

Mahang'ala ndi mashakolo

Kankhirani ekiselo pansi pa chasisi, masipuling'i atamangidwa kale pamipando yake koma ma U-bolt osalimbitsa. Pa ekiselo ya Hilux mpando wa kumanja unamangidwira pa chigoba cha difu, choncho musausunthe. Ekiselo ndi imene ilamule kuti mahang'ala akhale motalikirana bwanji, inu mungotsatira. Ikani pakati pa ekiselo pa mzere wa choko uja. Yezani kuchokera kunsonga ya kumanja ya ekiselo yakumbuyo kufika kunsonga ya kumanja ya yakutsogolo, chitaninso chimodzimodzi kumanzere. Kenako yezani mopingasa, kumanja kwa kumbuyo kufika kumanzere kwa kutsogolo, ndi kwinako. Miyeso iwiri yopingasayi isasiyane kuposa mamilimita 3. Ikasiyana kwambiri galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu, n'kumadya matayala mbali imodzi.

Ine ndimaika hang'ala yosasuntha kutsogolo, shakolo kumbuyo, monga mmene Hilux inabwerera. Land Cruiser 40 inali ndi shakolo kutsogolo, ndipo imagwira ntchito, koma shakolo ikakhala kumbuyo tayala likagunda mwala limathawira m'mwamba ndi kumbuyo, ndiye kugundako sikumveka kwambiri m'manja. Chofunika kukumbukira ndi chakuti pothawira kumbuyoko tayala limayandikira bodi, ndipo shafti yakutsogolo imafuna malo okwanira ofupikira ndi kutalikira.

Dulani kaye mahang'ala pa katoni. Katoni siilira ndalama, mutha kulakwitsa kasanu. Ikakhala bwino, lembani pa puleti ya mamilimita 6, mudule zidutswa zonse zinayi, muzipanikize pamodzi pa vayisi n'kuziboola limodzi kuti mabowo afanane. Boolani ndi dililo. Bowo lowotcha ndi rodi silikhala lozungulira, bawuti imagwedera m'menemo mpaka bowolo litakula. Pakati pa mapuleti awiri a hang'ala pakhale mpata wa sipuling'i ndi mabushi ake, kuwonjezerapo milimita imodzi. Paipi yopingasa ija ilumikize nsonga ziwiri za chasisi, mahang'ala akhale pansi pake, ndipo muike timapuleti ta ngodya zitatu tochirikiza kumbuyo kwa hang'ala iliyonse. Lowetsani chitsulo chimodzi chachitali chowongoka m'mabowo a mahang'ala onse awiri, kuti akhale pa mzere umodzi, ndiye gwirizitsani ndi timadontho ta moto. Timadontho tokha. Musawotcherere kwathunthu chinthu chilichonse mpaka nditanena.

Shakolo ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Sipuling'i ikalemedwa imawongoka, ikawongoka imatalika, ndipo shakolo ilipo kuti ilandire kutalikako. Ngati muika bowo lake galimoto ilibe injini, ngodya idzasintha tsiku loika injini. Choncho injini ndi giyabokosi zikhalemo, kapena sanjikani matumba a simenti kapena a mchenga a makilogalamu 50 olingana ndi kulemera kwake. Kulemera kutakhala pa masipuling'i, kumunsi kwa shakolo kupendekere kumbuyo ndi madigiri a pakati pa 30 ndi 45. Ikaima chilili galimoto imauma ngati ngolo, ndipo tayala likalendewera m'dzenje shakolo imatha kutembenukira kutsogolo n'kukakamira komweko. Ikagona kwambiri imagunda chasisi sipuling'i isanathe kuwongoka. Mukapeza malo ake, boolani chasisi mbali zonse ziwiri, mulowetse paipi yokhuthala ija, nayonso muiyanjanitse ndi inzake ya tsidya linalo pogwiritsa ntchito chitsulo chachitali chija.

Caster

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Yang'anani foloko ya njinga ya kabaza. Siinaime chilili, kumwamba kwake kunapendekera kwa wopalasa, ndipo n'chifukwa chake munthu amatha kusiya mahandulo njinga n'kumapitabe mowongoka. Ekiselo ya galimoto ilinso chimodzimodzi: mzere wodutsa pa beling'i yapamwamba ndi yapansi, pamene tayala limakhotera, uyenera kupendekera kumbuyo. Kupendekera kumeneko ndiye caster. Pa galimoto yotere funani madigiri a pakati pa 4 ndi 6.

Poyeza, galimoto ikhale pa matayala ake, pamalo olingana, kulemera kuli momwemo, matayala atalunjika kutsogolo. Ikani foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera ngodya pamalo osalala a pamwamba pa chivundikiro cha beling'i. Ngati foni simukuikhulupirira, gonekani pamenepo chitsulo chowongoka chotalika mita imodzi, choloza kutsogolo ndi kumbuyo, muike levulo pamwamba pake. Digiri imodzi ndi mamilimita 17.5 pa mita, ndiye madigiri 5 ndi mamilimita 87. Nsonga yakumbuyo ya chitsulocho ikhale yotsika motero poyerekeza ndi yakutsogolo.

Galimoto yoyamba imene ndinamanga ndinalakwitsa pomwepa. Ndinaona kuti shafti yapindika kwambiri, ndiye ndinatsitsa mahang'ala akutsogolo kuti mphuno ya difu idzuke iloze ku giyabokosi. Shafti inawongokadi, koma sindinadziwe kuti ndadya caster yonse. Tikuiyesa pa tala pakati pa Chitakale ndi boma, tayala linagunda kadzenje kakang'ono, chiwongolero chinayamba kunjenjemera mwamphamvu moti chinandipulumuka m'manja, galimoto n'kumapepeluka uku ndi uku, m'mbali mwa msewu muli ana ochokera kusukulu. Ndinaimitsa, miyendo ikunthunthumira. Tsiku lomwelo ndinadula mahang'ala onse awiri. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kugula ubwino wa shafti pogulitsa caster. Kumbukirani motere: kutsitsa diso lakutsogolo la sipuling'i kumachepetsa caster, kutsitsa lakumbuyo kumaonjezera. Pakatsala digiri imodzi kapena ziwiri, ikani kamphero kachitsulo pakati pa mpando ndi sipuling'i, komangidwa ndi senta bawuti, bawuti yapakati yomanga masamba pamodzi. Ka aluminiyamu kamasweka, ndipo kakasweka ma U-bolt amakhwefuka nthawi yomweyo.

Kuyendetsa ekiselo m'mwamba ndi pansi

Khazikaninso chasisi pa masitandi. Panani sipuling'i iliyonse ndi kilampu musanamasule senta bawuti, chifukwa masamba amafwamphuka ndi mphamvu yothyola chala. Chotsani masamba onse, musiye lalikulu lokha la maso awiri, m'malo mwa enawo muikemo kathabwa kokhuthala mofanana nawo. Tsopano ekiselo mutha kuikweza ndi jeke mosavuta. Ikwezeni yonse mpaka tsamba litawongoka, muitsitse mpaka italendewera, kenako kwezani mbali imodzi inayo ili pansi, mukukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku. Gonani pansi ndi tochi muone. Difu isayandikire sampu ya injini. Tayirodi, chitsulo cholumikiza matayala awiri akutsogolo kuti azikhotera limodzi, isakhudze sipuling'i. Tayala lisakhule madigadi kapena chasisi. Shafti isafupike mpaka kugunda, isatalikenso mpaka kusololoka. Mapaipi arabala a mabuleki asakokeke, ndipo ngati afupika gulani aatali, musalumikize.

Muli pomwepo yang'anitsitsani chiwongolero. Ekiselo ikamakwera ndi kutsika, matayala asamakhote okha. Akamakhota ndiye kuti mkono wochoka ku bokosi la chiwongolero watsetsereka kwambiri. Uyenera kukhala pafupifupi chogona galimoto ikakhala pamsinkhu wake. Konzani posuntha bokosi, ndipo pamene bokosi likumangidwa muikepo mapuleti mbali zonse ziwiri za chasisi ndi timapaipi m'kati modutsa mabawuti, kuti chasisi isafinyike. Mkono wa chiwongolero, tayirodi ndi tsamba la sipuling'i siziwotchereredwa ndipo sizipindidwa ndi moto. Pa ichi sindimva za munthu.

Pamene tsamba latsala pang'ono kuwongoka kwathunthu ndi pamene labala yoimitsa ekiselo, bump stop, iyenera kugunda. Ikani pamenepo. Kenako yezani mashoko: mtunda wa pakati pa pomangira pa ekiselo ndi pomwe mukufuna kumanga pa chasisi, ekiselo itakwera kwambiri komanso italendewera. Shoko itafupika kwathunthu ikhale yaifupi ndi mamilimita 20 kuposa muyeso wa pokwera paja, popeza labala nayo imafinyika. Shoko ikamagunda labala isanagunde, mwina iphulika kapena izula nsanja yake. Nsanjayo muimange malinga ndi shoko imene imapezeka mosavuta m'mashopu a sipeya ku Limbe, kuti mwini galimoto asadzavutike chaka chamawa.

Kuwotcherera kwathunthu

Zonse zikayenda bwino, yezaninso mopingasa komaliza. Chotsani masipuling'i ndi mabushi kuti labala isapse. Palani ndi gulayinda mpaka chitsulo chiwale, musongole m'mphepete mwa puleti yokhuthala kuti moto ulowe mpaka pansi. Waya wa ethi mumange pafupi ndi pomwe mukuwotcherera, magetsi asadutse m'mabeling'i.

Chasisi ya pikapu ndi yopyapyala, mamilimita 3 kapena 4 basi, ndiye hang'ala yokhuthala ikangomatidwa pamenepo chimang'ambika ndi chasisi, m'mbali mwa mzere wa moto. Yambani mwamata puleti ya mamilimita 4 pa chasisi, yodulidwa ngati daimondi kapena yozungulira kunsonga, yokhala ndi mabowo awiri atatu pakati oti muwadzaze ndi moto. Pewani mzere wowongoka wodula chasisi kuchokera pamwamba mpaka pansi, chifukwa mng'alu umatsata mzere wotero. Wotchererani masentimita atatu kapena anayi kumanja, mupite kumanzere, mubwerere, chitsulo chachitali chija chikadali m'mabowo. Poimirira yambirani pansi kukwera m'mwamba. Musathire madzi kuti pazizire msanga. Magetsi akazima muli pakati pa mzere, akabwera palani pamene munasiyira musanapitirize. Gogodani makoko onse muone ndi maso: pamene pali timabowo kapena moto wadya m'mphepete, palani muyambirenso. Pakazizira pakani penti yoletsa dzimbiri, mvula ya kuno sichedwa kudya chitsulo chosapaka.

Bwezerani masamba onse, senta bawuti yatsopano, mutu wake ulowe bwino m'bowo la mpando. Ma U-bolt mangani mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka pafupifupi 120 Nm pa Hilux yakale. Bwerekani sipanala yoyeza mphamvu ngati mulibe. Mabawuti a mahang'ala, a mashakolo ndi a mashoko musawalimbitse galimoto ili m'mwamba. Itsitseni, muigwedeze kangapo, ndiye mumange. Mukamanga ili m'mwamba mabushi amapotoka galimoto ikatera ndipo sakhalitsa. Thirani oyilo mu difu, girizi m'manipo onse, chotsani mpweya m'mabuleki.

Chatsala ndi toe-in, kuyang'anizana pang'ono kwa matayala awiri kutsogolo kwake. Lembani kachizindikiro pakati pa tayala lililonse kutsogolo, pamsinkhu wa habu, muyeze mtunda wa pakati pake. Kankhani galimoto mpaka zizindikirozo zifike kumbuyo pamsinkhu womwewo, muyezenso. Kutsogolo kukhale kochepa ndi milimita imodzi mpaka atatu. Sinthani pozungulitsa tayirodi, mumange makilampu ake, ndipo manati onse a chiwongolero akhale ndi mapini ake.

Ulendo woyamba ukhale wa inu nokha, wopanda wokwera kumbuyo, pamsewu wopanda anthu. Yambani ndi liwiro la munthu wothamanga, pondani mabuleki mwamphamvu muone ngati ikukokera mbali. Potuluka pakona masulani manja pang'ono, chiwongolero chizibwerera chokha pakati. Onjezerani liwiro pang'onopang'ono mpaka 80, mudutse dala pa timabampu. Mukamva kunjenjemera imani, mufufuze caster, mabeling'i okhoterapo tayala, mitu ya tayirodi ndi balansi ya matayala. Kenako ikwezeni katundu muipititse m'miyala ya ku Likhubula. Pobwera itsukeni, mugone pansi ndi tochi muyang'ane mzere uliwonse wa moto. Penti ikang'aluka mowongoka kapena pakaoneka kamzere kofiira ka dzimbiri, pansi pake pali mng'alu. Manganinso ma U-bolt mukayenda makilomita 100, ndi kachiwiri pa 500, chifukwa masamba akamakhazikika manati amakhwefuka. Musanayambe kunyamula anthu kapena katundu wa malonda, pitani nayo ku Road Traffic, muwauze zonse zimene mwasintha, aiyeze ipeze COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu.